Funsani Madokotala: Khanda Lobadwa Lopanda Asilikali a M'thupi

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu ndi madera oyandikana nawo. Onse akukhudza ana obadwa ndi chitetezo cha m'thupi chosagwira ntchito, komanso chithandizo chowaika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Akuyankha ndi madokotala a ana amene amalemba tsamba lino. Mayina a eni makalata tawabisa.

FUNSO: Adokotala, ana anga aamuna awiri anamwalira asanakwanitse chaka. Onse ankayamba ndi zoyera mkamwa zosamva mankhwala, kenako chibayo, kutsegula m'mimba, mpaka kuonda. Wachiwiriyo, pamene anamubaya katemera wa TB wa BCG panatukusira osapola. Ine ndi bambo akunyumba tayezetsa HIV kanayi, tilibe. Mwana wathu wamkazi ali bwinobwino. Pano ndili ndi pakati pa miyezi 7. Nditani? — Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi. Matenda a mwana amene sitinamuone sitingawatchule motsimikiza, koma zimene mwalembazi zikufanana ndi matenda otchedwa SCID, amene mwana amabadwa chitetezo cha m'thupi chisakugwira ntchito, ndipo mwachita bwino kufunsa khanda lisanabadwe.

M'magazi muli maselo oyera, aja timati asilikali a m'thupi. Gulu lina la asilikaliwa ndi ma lymphocyte. Mwa iwo, ma T ndiwo amatsogolera nkhondo, ma B ndiwo amapanga ma antibody, zida za m'magazi zolimbana ndi tizilombo. Onse amachokera m'mafuta a m'mafupa, koma ma T amakakhwimira m'kanyama kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. HIV imapha asilikali amene analipo kale, pomwe mwana wa SCID amabadwa alibe ma T n'komwe. N'chifukwa chake zizindikiro zake zimakhala ngati za Edzi, ndipo kwathu kuno, ikangopezeka kuti HIV palibe, kufufuza nthawi zambiri kumathera pomwepo. Ana ambiri otere timawataya pamenepa.

Khanda limabadwa looneka lathanzi chifukwa limakhala ndi ma antibody a mayi ake, amene anadutsa pa nsengwa. Amenewa amayamba kutha pakati pa miyezi 2 ndi 6, ndipo m'pamene matenda amayamba kutsatizana. Popanda chithandizo, ana ambiri a SCID safika chaka, ochepa okha ndiwo amafika zaka ziwiri.

Pitani msanga kwa dokotala wa ana ku Mzuzu Central Hospital, mutanyamula mabuku a kuchipatala a ana awiri aja. Funsaninso amayi anu ngati alongo anu kapena amalume anu ena anamwalira ali makanda. Mupemphe dokotalayo alembe m'buku lanu la sikelo kuti khanda lisalandire BCG ndi katemera wa poliyo wa mkamwa kufikira magazi ake atayezedwa. Zilembedwe ndithu, chifukwa akatemera awiriwa amaperekedwa mwana akangobadwa, kawirikawiri mayi asanatuluke m'chipatala. Muli tizilombo tamoyo tofooketsedwa. Kwa mwana wa chitetezo chabwino ndi akatemera opulumutsa moyo, ndipo musamve ngati tikuti ana ena asalandire. Koma mwa mwana wa SCID, kachilombo ka BCG kamachulukana, kamatupitsa mwanabere m'khwapa, n'kufalikira kuchiwindi, kumafupa ndi kumapapo. Pafupifupi theka la ana a SCID amene analandira BCG amadwala nayo. Katemera wa rota wa pa masabata 6 ndi 10, komanso wa chikuku, nawonso ndi amoyo, ayenera kudikira.

Tsiku lobadwalo ayeze magazi onse, chimene kulabu amati FBC, ndipo dokotala ayang'ane nambala ya ma lymphocyte. Khanda likakhala ndi ochepera 2,500 pa microlitre, pakufunika kufufuza. Apa pali msampha: makina ambiri amasindikiza malire a munthu wamkulu, amene 1,500 ndi nambala yabwino kwa iye. Kwa khanda, 1,500 ndi yotsika kwambiri, koma papepala sipaoneka chizindikiro chochenjeza. Makina a CD4 amene tili nawo chifukwa cha HIV amathandizanso, ndipo X-ray ya pachifuwa imaonetsa ngati chithunzithunzi cha thymus chikusowa. Chotsimikiza chenicheni ndi kuwerenga ma T paokha pa muyezo wa CD3: ochepera 300 ndiye SCID yeniyeni. Kwa inu, ngakhale FBC itaoneka bwino, muyezo wachiwiriwu uchitikebe, chifukwa nthawi zina ma B kapena maselo a mayi amakweza nambala n'kubisa vuto.

Likapezeka kuti vuto lilipo, chikuta chitalike. Alendo odzaona mwana aime kaye, wachifuwa kapena chimfine asalowe, aliyense asambe m'manja ndi sopo asanamugwire. Pamchombo ndi paliwombo pasapakidwe mankhwala achikuda, ndipo asatemedwe mphini. Bactrim amayamba pa masabata 4 mpaka 6 kuti ateteze chibayo cha PCP, fluconazole amateteza zoyera mkamwa, ndipo kumene apezeka, ma antibody a m'diripu otchedwa IVIG amaperekedwa magalamu 0.4 mpaka 0.6 pa kilogalamu iliyonse, pakatha masabata 3 kapena 4. Zoyamwitsa mukambirane ndi dokotala. Mkaka wa m'mawere ungathe kupatsira kachilombo ka CMV, komanso mkaka wa m'chitini wosungunula ndi madzi okayikitsa umapha msanga kuposa pamenepo. Musasiye kuyamwitsa panokha.

Tikuumirira kufulumira chifukwa cha manambala awa. Kafukufuku wa ana 240 a ku America ndi Canada, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti mwa ana amene anaikidwa mafuta a m'mafupa asanapitirire miyezi itatu ndi theka, 94 pa 100 anali moyo patatha zaka 5. Mwa amene anaikidwa mochedwa, matenda opatsirana akadali m'thupi mwawo, anapulumuka ndi 50 okha pa 100.

FUNSO: Ndamva kuti mwana wotere amamuchita opaleshoni yosintha mafupa. Khanda la miyezi iwiri lingapirire kung'ambidwa chonchi? — Bambo wa ku Luwinga

YANKHO: Bambo, mafupa sasinthidwa, ndipo khandalo siling'ambidwa. Mafuta a m'mafupa ndi aja ofiira amene mumawaona mukaswa fupa la nkhuku. Mmenemo muli maselo amene ali ngati mbewu ya magazi onse: ofiira, oyera, ndi aja oundanitsa magazi. Mbewu imeneyi ndiyo imatengedwa kwa munthu wathanzi, n'kuikidwa mwa wodwala kudzera mumtsempha, monga mmene amaikira magazi. Ikalowa imadzipezera yokha njira yopita m'mafupa.

Ntchito imayamba ndi kupeza wopereka wogwirizana naye. Gulu la magazi, A, B kapena O, silofunika kufanana. Chofunika ndi zizindikiro za pa maselo zotchedwa HLA, zimene thupi limazindikirira kuti ichi n'changa, ichi n'chachilendo. Theka la zizindikirozi mwana amatengera kwa bambo, theka kwa mayi. Choncho m'bale wa bere limodzi ndi bambo mmodzi ali ndi mwayi umodzi pa inayi wofanana naye kotheratu, ndipo ameneyu ndiye wopereka wabwino koposa. Akasowa, amafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka, monga South African Bone Marrow Registry, imene inayamba mu 1991. Koma anthu akuda olembetsa m'makaundula otere ndi ochepa, ndipo mwana wa kuno kupeza wofanana naye n'kovuta. Njira yotsala, imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano, ndi kutenga kwa bambo kapena mayi, amene amafanana ndi mwana theka. Pamenepo amayamba achotsa ma T a kholo m'mafutawo, kapena amapereka mankhwala a cyclophosphamide pa tsiku lachitatu ndi lachinayi atamuika, kuti ma T olusawo afe.

Kenako mwana amamuika kapaipi kofewa mumtsempha waukulu wa pachifuwa, kamene mankhwala ndi magazi zizidutsiramo kwa miyezi. Odwala ambiri amalandira kaye mankhwala amphamvu kwa masiku 5 mpaka 10, monga busulfan kapena treosulfan pamodzi ndi fludarabine, olambula malo m'mafupa kuti mbewu yatsopano imere. Mwana wa SCID amene wopereka wake ndi m'bale wofanana naye kotheratu nthawi zambiri safunika mankhwalawa, popeza alibe asilikali oti akane mlendo. Kuipa kwake n'kwakuti popanda kulambula, ma B atsopano nthawi zina samera, ndipo mwana amadalira IVIG kwa zaka zambiri. Madokotala amasankha malinga ndi mtundu wa SCID.

Tsiku loika amalitcha tsiku 0, ndipo ntchitoyo imatha m'maola ochepa. Kuwawa kwa nkhani kuli pa kudikira. Maselo oyera otchedwa ma neutrophil amaoneka pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo amati mbewu yamera akapitirira 500 kwa masiku atatu otsatizana. Ma T atsopano, amene ndiwo tikufuna, ayenera kudutsa kaye mu thymus, ndipo amatenga miyezi 3 kapena 4, nthawi zina kuposa.

Chithandizochi si chachilendo. Mwana woyamba wa SCID kuchira nacho anathandizidwa mu 1968 ndi Dr Robert Good ku University of Minnesota, ndipo wopereka anali mlongo wake.

FUNSO: Mdzukulu wanga wazaka 6, wolemera makilogalamu 20, ndiye wapezeka kuti akugwirizana ndi mlongo wake wodwala. Kumudzi akuti akamuchotsa mafuta a mumsana apuwala miyendo, mwinanso sadzabereka. Ndilole? — Gogo wa ku Ekwendeni

YANKHO: Agogo, mantha anu ndi omveka, koma kumudziko asakaniza zinthu ziwiri. Mtsempha wa mumsana, umene ukavulala munthu amapuwala, sukhudzidwa m'pang'ono pomwe. Mafuta amatengedwa m'fupa lalikulu la m'chiuno, kumbuyo, pamwamba pa matako, mbali zonse ziwiri. Mwana amamugonetsa tulo ndi mankhwala, amamugoneka chafufumimba, ndipo dokotala amalowetsa singano m'fupamo n'kumakoka pang'onopang'ono, mamililita ochepa pamalo amodzi, kuti asachulutse magazi wamba. Zimatenga pafupifupi ola limodzi.

Lamulo lake n'lakuti wopereka asachotsedwe kuposa mamililita 20 pa kilogalamu yake. Kwa mdzukulu wanuyo malire ndi mamililita 400. Khanda la makilogalamu 5 limafuna mamililita 50 mpaka 100 basi, osadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe. Adzamva kuwawa m'chiuno kwa masiku angapo, Panado amakwanira, angapatsidwe mapiritsi owonjezera magazi, ndipo mafutawo amabwerera m'malo pakatha masabata 4 mpaka 6. Kubereka sikukhudzidwa. Chiopsezo chenicheni, ngakhale n'chaching'ono, ndi cha mankhwala ogonetsa, choncho ayambe amuyeza bwino, kuphatikizapo malungo, HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndi CMV.

Pempho lathu ndi limodzi. Mwanayo mumufotokozere m'mawu a msinkhu wake, ndipo musamuuze kuti moyo wa mlongo wake uli m'manja mwake. Zinthu zikavuta, ana otere amadziimba mlandu mpaka kukula.

FUNSO: Ndikuphunzira unamwino kuno ku Mzuzu. Chimapha ana amene aikidwa mafuta a m'mafupa n'chiyani kwenikweni? — Wophunzira wa ku Katoto

YANKHO: Choyamba ndi matenda amene mwana analowa nawo kale m'chipatala. CMV, adenovirus, PCP ndi BCG yofalikira siziyembekeza kuti ma T amere. BCG ili ndi khalidwe lakelake: imatha kukhala phee kwa miyezi, ndiye asilikali atsopano akangoyamba ntchito n'kuipeza, pamene anabaya paja pamatupa, mianabere imaphulika, thupi limatentha. Amachiza ndi isoniazid, rifampicin ndi ethambutol kwa miyezi yambiri. Pyrazinamide sagwira kachilombo ka BCG, choncho mankhwala a TB amene tinazolowera sangangoperekedwa mmene alili.

Chachiwiri ndi GVHD. Pa impso yoikidwa, thupi ndilo limakana mlendo. Apa zimatembenuka: ma T a wopereka amaona thupi la mwana ngati mdani. Mtundu wofulumira umabwera kawirikawiri m'masiku 100 oyamba. Umayamba ndi zidzolo zofiira m'zikhato, kumapazi ndi kuseri kwa makutu, kenako kutsegula m'mimba kwamadzi obiriwira, nthawi zina kwamagazi, ndi chikasu. Namwino ayeze kuchuluka kwa chimbudzi tsiku lililonse, kusikelo matewera, chifukwa m'pamene amadziwira kukula kwa vuto. Amateteza ndi ciclosporin kapena tacrolimus, ndipo mlingo wake m'magazi uyenera kuyezedwa pafupipafupi: ukachepa GVHD imabuka, ukachuluka impso zimawonongeka ndipo BP imakwera. Ikabuka amayamba ndi methylprednisolone, mamiligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu patsiku. Mtundu wochedwa umaumitsa khungu, maso ndi mkamwa, ndipo umatha zaka.

Mankhwala olambula aja nawonso ali ndi mtengo wake. Amabweretsa zilonda mkamwa mpaka kummero, moti mwana amadyera m'kapaipi. Busulfan amatha kutseka timitsempha ta m'chiwindi, vuto lotchedwa VOD, m'masabata atatu oyamba. Mwana amalemera mwadzidzidzi chifukwa cha madzi, chiwindi chimatupa n'kumawawa, maso amachita chikasu. N'chifukwa chake amamukweza sikelo kawiri patsiku. Patsogolo mankhwalawa angachedwetse kukula, kuwononga mano, ndi kuchepetsa mwayi wobereka, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi asanasaine. Nthawi zina mbewu simera, ndipo amaika kachiwiri.

Kachilombo kangabwerenso ndi mafuta enieniwo. David Vetter wa ku Houston, amene anakhala zaka 12 m'chipinda cha pulasitiki chotsekedwa, anamwalira mu 1984 atamuika mafuta a mlongo wake. Munali kachilombo ka EBV kosaoneka pa miyezo ya nthawi imeneyo, ndipo kanayambitsa khansa. Lero CMV, EBV ndi adenovirus amaziyeza m'magazi ndi muyezo wa kulabu wotchedwa PCR sabata iliyonse kuti mankhwala ayambe zizindikiro zisanaoneke.

Chinthu chimodzi chimene mudzakumane nacho kuwodi kuno ngakhale simudzaona chithandizochi: mwana woganiziridwa SCID akafuna magazi. Magazi wamba amakhala ndi ma T amoyo a wopereka, ndipo mwa mwana wotere amayambitsa GVHD imene pafupifupi nthawi zonse imapha. Magazi ake ayenera kudutsa pa makina a cheza ophera ma T, komanso kusefedwa maselo oyera. A wachibale ndiwo oopsa koposa, ndiponso amasokoneza mwayi woti wachibaleyo adzapereke mafuta. Dokotala alankhule ndi a Malawi Blood Transfusion Service msanga, asadikire kuti magazi atsike mpaka pofunika changu.

FUNSO: Madokotala akuti matendawa achokera kwa mkazi wanga. Makolo anga akuti ndimubweze kwawo, atibwezere malowolo, ndikwatire wina. Ena akuti ndi zakumudzi. — Bambo wa ku Chiputula

YANKHO: Bambo, si ufiti, ndipo palibe chimene akazi anu anachita kapena kudya. Madokotala akamati majini satanthauza mizimu. Amatanthauza malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a munthu aliyense. Mtundu wina wodziwika wa SCID umayenda pa chromosome X, pa jini lotchedwa IL2RG. Mayi amalinyamula osadwala, iyenso analandira kwa makolo ake kapena linangosintha lokha. Mwana wamwamuna aliyense ali ndi mwayi theka wodwala, theka wobadwa wathanzi. Ana aakazi sadwala, koma theka la iwo amalinyamula. Mitundu ina yambiri, monga ya jini lotchedwa ADA, imafuna kuti jini lolakwika lichokere kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo pa mimba iliyonse mwayi wodwala ndi umodzi pa inayi. Imeneyi imapezeka kwambiri m'mabanja a pachisuweni. Ngati jini lenilenilo silinayezedwe, funsaninso madokotalawo kuti atsimikiza bwanji mbali imene lachokera. Ngakhale litakhala la kuchikazi, kumuthamangitsa mayi amene waika maliro a ana ake n'kumuonjezera chilonda. Achemwali ake ndi ana anu aakazi adzafunika uphungu asanayambe kubereka. Tengani makolo anu mupite nawo kwa dokotala akamve okha.

FUNSO: Chithandizochi chimapezeka kuti, ndipo mwana akabwerera kuno tizimusamala bwanji? — Mayi wa ku Zolozolo

YANKHO: Mayi, ku Malawi kuno chithandizochi sichinayambe. Ana amatumizidwa kunja, makamaka ku India, kumene chipatala cha Christian Medical College ku Vellore chakhala chikuchita zimenezi kuyambira 1986, kapena ku South Africa, ku Cape Town. Ku Tanzania, chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba mu 2023 kuika mafuta a m'mafupa ana a sickle cell. Koma si chipatala chilichonse choika mafuta chimene chimalandira makanda a SCID, choncho musanyamuke musanalandire kalata yokuvomerani. Kwa mtundu wa ADA kulinso jakisoni wobwezeretsa chimene thupi likusowa, wosunga mwana podikira, komanso chithandizo chokonza jini chotchedwa Strimvelis, chimene chinavomerezedwa ku Ulaya mu 2016 ndipo chimaperekedwa ku Milan.

Njira ya boma imayambira kwa dokotala wamkulu wa ana pa chipatala chachikulu, amene amalemba lipoti lopita ku komiti ya Unduna wa Zaumoyo yoona zotumiza odwala kunja. Mndandanda umakhala wautali, ndipo ndalama zake ndi mamiliyoni ambirimbiri a kwacha. Maganizo athu ndi akuti khanda la SCID siliyenera kuima pamzere umodzi ndi matenda amene angadikire chaka, ndipo lipotilo linene poyera za malire a miyezi itatu ndi theka aja. Inu yambani mapasipoti a khanda, a wopereka ndi anu tsiku lomwe mwauzidwa. Pemphani kuti magazi kapena malovu a m'tsaya a abale onse atumizidwe kukayezedwa HLA musananyamuke, kuti mupite ndi munthu woyenera. Konzekerani kukhala pafupi ndi chipatalacho masiku osachepera 100.

Pobwerera, nyumba ndiyo wodi. Mzuzu ndi wachinyezi, ndipo chuku cha m'makoma ndi m'denga chimalowa m'mapapo a mwana wotere. Chipinda chake chikhale chouma, chokolopa osati chosesa. Akhale kutali ndi khola la nkhuku ndi nkhunda, madeya, fumbi lotonola chimanga, utsi wa mbaula ndi malo omanga. Madzi akumwa awire kwa mphindi yathunthu ngakhale ndi a pampopi. Chambiko, mkaka wosawiritsa, mazira osapsetsa ndi chakudya chogona asapatsidwe. Agone m'neti usiku uliwonse. Kumsika, kutchalitchi, kumaliro ndi m'minibasi adikire mpaka madokotala atanena kuti ma T akwana. Ana ena a pakhomo alandire akatemera awo, koma pa kampeni ya poliyo wa mkamwa uzani alangizi a zaumoyo za mwanayu, chifukwa kachilombo ka katemerayo kamatuluka m'chimbudzi kwa masabata angapo. Wina pafupi akadwala katsabola kapena chikuku, dziwitsani dokotala tsiku lomwelo.

Akatemera opanda tizilombo tamoyo amayambiranso pakatha miyezi 6 mpaka 12. Wa chikuku amadikira pafupifupi zaka ziwiri, mwana atasiya mankhwala ofooketsa chitetezo. Ciclosporin asadumphitsidwe ngakhale tsiku limodzi, choncho bwererani ndi mankhwala okwanira miyezi ingapo, ndipo mudziwiretu kumene mlingo wake uziyezedwa.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kakawerenga 38, musapereke Panado n'kudikira kuti kuche, ndipo musayambe LA pongoganizira malungo. Nyamulani kalata ya kuchipatala chakunja ija, pitani ku Central ngakhale pakati pa usiku, muuze woyamba kukulandirani kuti mwana anaikidwa mafuta a m'mafupa. Ayenera kutengedwa magazi, kuyezedwa malungo, ndi kuyamba mankhwala opha mabakiteriya a mumtsempha lisanathe ola limodzi.